Kodi ndinakwera ndege kudzagwiranso khasu?

Pa imelo pafika kalata ya mchemwali wina amene amasamalira okalamba m'tauni ina kumpoto kwa England. Akuti mumsewu wawo wonse sadziwa dzina la munthu ngakhale mmodzi, ana ndi bambo akunyumba anatsala kumudzi, ndipo tsiku lopuma limathera pabedi ndi foni kumanja. Tsono wina waponya kapepala pakhomo pawo koitanira anthu kumunda wa gulu umene uli kuseri kwa tchalitchi. Akufunsa ngati kungawathandize kupitako, kapena ndi za azungu opuma pantchito. Pomaliza alemba chonchi: "Komanso akumudzi akamva ati chiyani? Ndinakwera ndege kudzagwiranso khasu?"

Achemwali, zina zonsezo ndiyankha, koma funso lomalizali landiyabwa ndipo ndiyamba nalo.

Ine fizi yanga ya kusekondale inachokera m'dimba. Amayi ankalima tomato, kabichi, anyezi ndi kachewere, n'kumakagulitsa pa Lizulu kwa anthu a m'mabasi odutsa mu M1. Mwezi wa Juni, chisanu chakumeneko chikuluma zala, iwo ali kale kudambo ndi ndowa, ife tikadali m'bulangete. Koma kusukulu komwe ndalama za dimbazo zinkapita, khasu linali chilango. Wachedwa, kalime. Walankhula Chichewa m'kalasi, kazule chitsa. Aphunzitsi akafuna kutiopseza ankati mukapanda kulimbikira mudzathera kumunda. Tinakula tikudya za khasu kwinaku tikulichitira manyazi, ndipo manyazi amenewa tinawalongedza m'sutikesi n'kubwera nawo kuno. Munthu amasintha matewera a nkhalamba maola 12 usiku wonse, osadandaula, koma kumuuza kuti ajambulidwe atagwira khasu, ayi ndithu, akumudzi aona. Nanga akumudziwo akudya chiyani?

Basi, ndapuma. Tsopano za kusungulumwa.

Ine ndimakhala ku Glasgow, chakummwera kwa mtsinje wa Clyde, m'nyumba zakale zamiyala zija zimene mabanja angapo amalowera khomo limodzi n'kumakwera masitepe amodzi. Nditangofika ndinkapereka moni kwa aliyense pamasitepepo. Ankayankha bwinobwino, ena mpaka kumwetulira, anthu a mzinda uno si ouma mtima ayi. Koma moniyo ankathera pomwepo. Palibe wofunsa kuti kunyumba kwacha bwanji, palibe wodziwa ngati mwagona ndi njala kapena ndi malungo. Kenako kunabwera Disembala, dzuwa kutuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa, isanakwane 4 koloko masana kwada kale. Ukabwera kuntchito umatseka chitseko, ndipo mawu oyamba otuluka pakamwa pako tsiku lotsatira amakhala a kuntchito komweko.

Chimene ndinadzaona n'chakuti kwathu sitidziwana chifukwa choti ndife anthu abwino kuposa ena. Timadziwana chifukwa timasowana. Moto ukazima umakapala kwa mnzako. Mchere ukatha umatuma mwana. Pamjigo pali mzere, kuchigayo pali mzere, maliro akagwa wina akumba manda, wina aphika, wina atema nkhuni. Kale kunalinso dima, anthu kulimirana munda tsiku limodzi mwinimunda atafulula mowa kapena thobwa. Zonsezi zimakukakamiza kuonana ndi munthu amene mwina sumukonda n'komwe. Kuno madzi ali m'nyumba, moto uli pa batani, ngakhale kusitolo umalipira pa makina osalankhula ndi munthu. Palibe chokutuma kwa neba, ndipo munthu wakuno kugogoda pakhomo la mnzake popanda chifukwa amakuona ngati kusokoneza.

Mu Januwale 2018 boma la Britain, lotsogozedwa ndi Theresa May, linasankha nduna yoona za kusungulumwa, Tracey Crouch, potsatira ntchito imene anaiyambitsa phungu Jo Cox asanaphedwe mu 2016. Nkhaniyi itafika m'magulu athu a WhatsApp anthu anaseka mpaka misozi, amvekere azungu atha nzeru. Koma osekawo ambiri amakhala ku Area 47 kapena ku Namiwawa, kuseri kwa mpanda wa njerwa wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba, ndipo wa nyumba yoyandikana nayo amamudziwa ndi galimoto basi. Matendawa afika kale kwathu. Amayenda ndi mpanda ndi mpope wa m'nyumba, sayang'ana khungu.

Munda umene ndimapitako ine sunandikope ndi kapepala. Unandikopa ndi nkhwani. Ndinkadutsa pamenepo popita kokwera basi, ndiye tsiku lina ndinaona bambo wina wachikulire akusadza masamba a maungu, anthete okhaokha, n'kumakawataya pamulu wa manyowa. Mtima unandipweteka ngati akutaya ndalama. Ndinaima pampanda. Nditacheuka ndinaona kuti sindili ndekha, mayi wina wa ku Bangladesh, amene anali ndi bedi lake mkati momwemo, akuyang'ananso mulu womwewo ndi nkhope yofanana ndi yanga. Tinayang'anana n'kuphulika kuseka. Chingerezi chake chinali chochepa, changa panthawiyo chinkathawa ndikakumana ndi kalankhulidwe ka ku Glasgow, koma aliyense anadziwa chimene mnzake akuganiza. Kwawonso amadya nkhwani, amadya chiluwe, amadyanso bonongwe.

Achikulire aja maungu ankalimira adzukulu, oti adzawaboole maso pa Halloween, chikondwerero chakuno chimene ana amasema nkhope pa maungu. Atamva kuti tikufuna masamba oti tikadye anaganiza kuti tavutika ndi njala, mpaka anafuna kutipatsa mbatata. Titawauza kuti ndi ndiwo zapamwamba anayamba kukana, ati mukathyola nsonga maungu anga sakula. Tinakangana ndithu, ine kuwaonetsa kuti timatenga tsamba lachiwiri kapena lachitatu kuchokera kunsonga, mpaka analola mbali imodzi yokha ya bedi, kuti ayerekeze ndi mbali inayo. Sabata yotsatira ndinasadzula nkhwani uja, kutendera ndi nsinjiro, n'kuwatengera m'kabakuli pamodzi ndi nsima. Analawa, anatafuna nthawi yaitali, n'kunena mwaulemu kuti n'zosangalatsa. Sanazikonde, ndipo mpaka lero sadya. Koma chiyambire tsiku limenelo tsamba la dzungu silipitanso kumanyowa, amatisungira m'jumbo, theka langa theka la mayi uja.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti bambowa anagwirapo ntchito kopanga sitima zapamadzi ku Govan, mu Glasgow momwemuno, akazi awo anamwalira, ana ali kutali. Anandiuza okha, tikuzula udzu, kuti nthawi yozizira pamatha masiku asanalankhule ndi munthu kupatula wailesi. Munthu wobadwira mumzinda momwemo, wodziwa msewu uliwonse. Ndiye inu achemwali mukamaganiza kuti osungulumwa ndinu nokha chifukwa ndinu mlendo, dziwani kuti kuseri kwa makatani a mumsewu wanuwo kuli eni dziko amene akuvutika chimodzimodzi, kungoti iwo alibe ngakhale gulu la WhatsApp la akumudzi.

Mwaona kuti anandiuza tikuzula udzu. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Mukanatikhazika pampando, tiyi patsogolo, n'kutiuza kuti chezani, sakananena zimenezo, inenso sindikanadziwa poyambira. Koma manja akakhala m'dothi maso sayang'anana, mukhoza kukhala chete osachita manyazi, ndipo nkhani imabwera yokha. Amayi kwathu amadziwa zimenezi, nkhani zikuluzikulu zimakambidwa potongola chimanga.

Palinso mnyamata wina wa ku Sudan amene ankadikira yankho la pempho lake lothawa nkhondo. Anthu otere lamulo lakuno nthawi zambiri siliwalola kugwira ntchito yolipidwa, amangolandira kandalama kosakwana mapaundi 50 pa sabata, n'kumadikira miyezi kapena zaka. Glasgow yakhala ikulandira anthu otere ambiri kuyambira cha m'ma 2000. Mnyamatayu ankabwera n'kumangoima chapatali, fosholo ndi foloko yokumbira zakunozi zikumukanika monga zinkandikanikira ine. Tsiku limene ndinabwera ndi khasu lenileni, limene ndinaitanitsa pa intaneti, analitenga m'manja mwanga osapempha n'komwe, kuliyeza kulemera, n'kuyamba kugaula. Malo amene komiti inkati afunika anthu ambiri ndi Loweruka lathunthu anawamaliza tiyi asanawire. Azungu anasiya zimene ankachita kumangoonerera. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kuswa mphanje ankafunsa iye, ndipo munthu amene paliponse ankangolembedwa pa fomu ngati wothandizidwa anakhala wopemphedwa thandizo. Ndinaona msana wake ukuwongoka m'masabata ochepa.

Za khasuzi ndiwonjezere kanthu kamodzi koseketsa. Dzina la Chillington, limene achikulire ena akulikumbukira pa makasu a ku Agrimal ku Blantyre, linachokera ku Wolverhampton, ku England komweko. Anatipangira khasu, kutigulitsa, iwo n'kumathyoka msana ndi fosholo.

Tsono apa ndinene maganizo anga mosabisa, ena akwiye. Zochitika zija zimene mabungwe amakonza, zoti tsiku la zikhalidwe, aliyense abwere ndi chakudya cha kwawo ndi mbendera, sizilumikiza anthu. Ndapitako kokwanira. Mumavala chitenje, mumaika mandasi patebulo, wina amati n'zokoma kwambiri, amakujambulani, chithunzi chimakalowa mu lipoti la opereka ndalama, Lolemba mukakumana pabasi simudziwanso dzina lake. Kumunda kwathu kunabwerapo wogwira ntchito kubungwe lina amene ankatisanja ngati mbuzi pamsika, wakuda apa, wa mpango apa, agogo pakati, kuti chithunzi chioneke bwino. Mayi wa ku Bangladesh uja anangotembenuka n'kupitiriza kumangirira mphonda zake. Chimene chimamanga anthu ndi ngongole. Ine ndikapita kumudzi mwezi wathunthu wina amandithirira mbewu, ndiye ndikabwera ndili naye ngongole. Iye akagonekedwa m'chipatala ndimamuchotsera nkhono pa kabichi wake, ndipo ndiyenera kudziwa kuti ali wodi iti kuti ndikamuuze kuti kabichi ali bwino. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Kiyi wa shedi ali ndi uje, paipi yothirira yathyoka tisonkhe, mbewu ya nyemba ndinakupatsa chaka chatha chaka chino undigawire adyo. Ubale wa pamunda ndi umenewu, ndipo suoneka bwino pa chithunzi.

Musaganizenso kuti ndi paradaiso. Timakangana. Pali bambo wina amene amafuna mizere yowongoka ngati ya asilikali, ndipo akaona bedi langa, momwe nyemba, maungu ndi mpiru zimakhalira pamodzi monga amalimira amayi, amadwala mutu. Pali nkhondo ya timbewu tonunkhira timene wina anadzala pansi m'malo mwa mumphika, tinayanga mpaka m'mabedi a anthu ena. Pa phwando la kumapeto kwa chilimwe panavuta nkhani ya nyama ya nkhumba ndi mowa, mpaka tinagula mawaya awiri owotchera. Misonkhano ya komiti ndi yotopetsa kuposa ya mpingo.

Ndipo tsankho silitsala pageti. Chaka china tomato anayamba kusowa m'nyumba ya pulasitiki yolimamo mbewu zofuna kutentha, ndipo popanda umboni uliwonse zala zinaloza mabanja a mtundu wa Aroma (osati a mpingo wa Katolika), anthu ochokera ku Slovakia ndi ku Romania amene ndi ambiri m'dera la Govanhill muno mu Glasgow. Chimene chinandinyansa n'chakuti mwa olozawo munali anthu akuda anzanga ndi amwenye, anthu oti nawonso amalozedwa zala tsiku ndi tsiku. Mayi wina wachiroma amene ankabwera ndi ana ake anasiya kubwera, ndipo sanabwererenso. Munda sunathe kukonza zimenezo. Amene amakuuzani kuti dothi limachiza chilichonse akufuna ndalama za polojekiti.

Komabe ndimakumbukira 13 Meyi 2021, tsiku la Eid, pamene galimoto ya ofesi yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko inabwera mu Kenmure Street ku Pollokshields, dera la muno mu Glasgow, n'kunyamula amuna awiri a ku India. Maneba anatuluka, kuzungulira galimotoyo, wina mpaka kugona pansi pake, anthu n'kumachulukirachulukira mpaka madzulo apolisi anawamasula amunawo. Uthenga woti zikuchitika unandipeza pa gulu la WhatsApp la kumunda, pakati pa madandaulo a nkhono ndi funso la amene waiwala kutseka mpope. Sindikunena kuti munda ndiwo unatulutsa anthu aja. Ndikunena kuti uthenga umayenda m'njira zimene zilipo kale, ndipo njirazo zimapangidwa ndi tinthu topanda pake ngati mpope. Kufupi ndi msewu womwewo kuli Hidden Gardens, munda umene unatsegulidwa mu 2003 kuseri kwa nyumba ya zisudzo ya Tramway, pamalo pamene kale ankakonzerapo matiramu, sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda, ndipo cholinga chake chinali chomwechi, choti anthu a zipembedzo ndi mitundu yosiyana ya m'deralo akhale ndi pokumanira posakhala pa mzikiti, pa tchalitchi kapena pa bala.

Pali china chimene Amalawi anzanga sakonda kumva. Timadalira kwambiri Amalawi okhaokha. Lamulungu kutchalitchi cha kwathu, 6 Julaye kuphwando la ufulu, maliro akagwa kusonkha zotumizira thupi. Zonsezi n'zabwino, inenso ndimasonkha. Koma Mmalawi mnzanu ali mumzinda wina, ulendo wa sitima, nayenso ali pa shifiti. Mukadzagwa m'bafa Lachiwiri usiku, kapena boyila yotenthetsa m'nyumba ikadzafa mu Januwale, wokuthandizani ndi wa khomo loyandikana nalo, kaya ndi wa ku Poland kaya wa ku Pakistan. Ndipo kuyambira mu Malichi 2024, pamene boma linaletsa obwera kudzasamalira okalamba kubweretsa mabanja awo, achemwali ambiri akukhala okhaokha m'kachipinda, mwamuna ndi ana ali pa vidiyo. Munthu wotere kumuuza kuti dikira Lamulungu ndi nkhanza.

Allotment ndi munda wa gulu n'zosiyana

Musasokoneze ziwirizi. Allotment ndi kamunda kanukanu kobwereka kukhonsolo kapena ku bungwe la olima, mumalipira pachaka, ndipo yathunthu imakhala pafupifupi masikweya mita 250. Ku England lamulo la 1908 limati makhonsolo azipereka malo otere anthu akawafuna, ndipo nthawi ya nkhondo yachiwiri, pa kampeni ya Dig for Victory, minda imeneyi inadyetsa mabanja ambiri. Vuto ndi mzere. M'mizinda yambiri mumadikira zaka, moti kuno ku Scotland lamulo la 2015 linachita kulamula makhonsolo kuti ayesetse munthu asadikire kupitirira zaka 5. Komanso pa allotment mukhoza kulima chaka chonse osalankhula ndi munthu, aliyense ali pake. Kwa munthu wa mashifiti ausiku, malo aakulu choncho adzangomera thengo, mudzalandira kalata yochenjeza.

Munda wa gulu ndi wina. Mabedi ndi ogawana kapena ang'onoang'ono, zipangizo ndi za onse, kawirikawiri salipiritsa kapena amalipiritsa pang'ono, ndipo amakhala ndi tsiku lodziwika logwirira ntchito limodzi. Ena alibe ndi mpanda womwe. Ku Todmorden, kumpoto komweko kwa England, amayi awiri, Pam Warhurst ndi Mary Clear, pamodzi ndi anzawo anayamba mu 2008 kudzala ndiwo m'malo a aliyense, ngakhale pakhomo pa polisi, kuti wodutsa azithyola. Anautcha Incredible Edible, ndipo matauni ambiri anatengera. Ndimaganiza kuti pa Lizulu mbewu zotere sizikanafika m'mawa, koma ndani akudziwa, mwina ndikuwanyoza anthu akwathu.

Chimanga choyera musayambe nacho. Kummwera kwa England chimatheka, mlimi wochokera ku Zimbabwe David Mwanaka anadziwika nacho kufupi ndi London, koma kumpoto kuno chilimwe n'chachifupi, chimangokula msinkhu chisanu n'kuchipeza chisanakhwime. Therere nalonso limafuna kutentha kumene kulibe. Mpiru, repu, masamba amene m'Chingerezi amati kale, ofanana ndi chomoliya, nyemba zoti muzithyola khwanya, ndi maungu, zimenezi zimachita bwino. Maungu fesani m'timiphika pawindo mu Epulo, mukawokere panja kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni chisanu chitatha. Bonongwe amakonda m'nyumba ya pulasitiki. Mdani wamkulu si mbuzi kapena anyani, ndi nkhono zopanda chigoba zimene zimatha bedi lonse la mbande usiku umodzi. Nkhwani ukachuluka mu Ogasiti futsani kapena ikani mufiriji, mudzandithokoza mu Febuluwale. Mbewu gulani konkuno kapena pemphani kumundako, za m'sutikesi zochokera kumudzi zimafuna chikalata cha zaumoyo wa zomera ndipo akhoza kukulandani pabwalo la ndege.

Ndiye yankho lanu, achemwali: pitani. Sankhani tsiku logwira ntchito limodzi, osati la phwando. Tsiku loyamba mudzaona ngati mwalakwitsa, aliyense adzakhala ndi mnzake kale, choncho musaweruze musanapiteko kangapo. Auzeni poyera kuti mumagwira usiku ndipo simungabwere sabata iliyonse, minda yotere inazolowera anthu a mashifiti. Pemphani kanthu, ngakhale mbande ziwiri, ndipo wina akati akupita kutchuthi dziperekeni kumuthirira. Mukapeza kuti ndi kagulu kotseka, koyang'ana munthu kuyambira kumapazi, musalimbane nako, funsani kulaibulale kapena kukhonsolo za munda wina, m'matauni ambiri ulipo woposa umodzi. Gulani majombo ndi jekete ya mvula ku sitolo ya kaunjika, dothi lakuno ndi lonyowa pafupifupi chaka chonse. Za akumudzi, atumizireni chithunzi cha nkhwani woyamba, mudzamva okha akufunsa ngati kumeneko feteleza ndi wotchipa.